Makobidi akale asakwechedwe

M'masutikesi a agogo ambiri ku Ulongwe ndi ku Domwe muli makobidi akale: ma escudo a Apwitikizi omwe anatha ntchito metical itabwera mu 1980, ndi mapeni oboola pakati a Rhodesia ndi Nyasaland. Kugolosale sagula kanthu, koma pa intaneti, monga pa eBay, anthu osunga ndalama zakale amapikisana mitengo kuti awagule.

Ambiri amalakwitsa powakwecha ndi phulusa kapena mandimu kuti awale. Khobidi lokwechedwa limagwa mtengo, poti ogula amalifuna momwe liliri. Wogulitsa wanzeru amawasankha potsata dziko ndi chaka, amawajambula mbali zonse ziwiri, n'kuwagulitsa m'timagulu. Makobidi opezeka paliponse sakwera mtengo, choncho ayambe wawerengera ndalama zotumizira katunduyo, kuopa kuluza.