Ofufuza za mankhwala ndi ubongo asamangokumbukiridwa pa tsiku lovala mkanjo

Mu Ogasiti 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV pa chipatala cha boma cha Chiradzulu. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri akunja ankati mankhwala otere sangayende kumudzi kopanda madokotala okwanira. Anthu a kwa Kadewere, kwa Likoswe, kwa Nkalo ndi kwa Mpama adawatsutsa pomwa mankhwalawo mokhulupirika, ndipo posakhalitsa anamwino ndiwo ankawapereka m'zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo ndi Mbulumbuzi.

Amene adamwa Triomune m'zaka zoyambirira akukumbukirabe mtengo wa moyo umene adaupeza. Mapazi ankatentha usiku wonse, zala zinkachita dzanzi, ena mpaka patapata kuvuka panjira osamva. Masaya ankalowa m'kati, mudzi wonse n'kudziwa zimene munthu sadafune kuulula. Choyambitsa chidali stavudine, mankhwala amodzi mwa atatu a m'mbulu umenewo, amene amawononga minyewa. Dandaulo la wodwala lidasanduka umboni chifukwa padali anthu amene ankagwira mapazi amenewo, kufunsa, kulemba ndi kuwerengetsa. Umboni wa mtundu umenewu, wa kuno ndi wa maiko ena, ndiwo udachititsa kuti Malawi ayambe kusamukira ku tenofovir mu 2011. Dziko litasinthanso kupita ku dolutegravir mu 2019, kafukufuku wolondola anthu pafupifupi 1,900 kuti aone ngati kachilombo kakugonjadi adachitikira ku Chiradzulu komweko, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya The Lancet HIV mu 2022.

Ntchito imeneyi ndi sayansi ya mankhwala ndi ya ubongo ndi minyewa. Mbali yolemetsa kwambiri ya kafukufuku wotere nthawi zambiri amaisenza ndi achinyamata amene akuchita digiri yachiwiri kapena PhD. Ndiwo amagona mu labotale kudikira makina, ndiwo amakwera kabaza kukasaka wodwala amene sadabwere pa tsiku lake. Koma funsani munthu pa msika wa Mbulumbuzi kuti atchule wofufuza mmodzi wa Chimalawi. Atchula oimba khumi ndi osewera mpira timu yonse, wofufuza ayi. Mlandu si wake. Palibe adamuuzapo.

Kusalabadira kumeneku n'kwakale, ndipo Chiradzulu ikukudziwa bwino. Dr. Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa m'boma lino amene adakulira pa Providence Industrial Mission ya a John Chilembwe, adatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku America mu 1917, zaka 20 Dr. Kamuzu Banda asanatsirize pa sukulu yomweyo. Ndiwo Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Atabwerera mu 1921, boma la atsamunda lidawakaniza kukhazikika kwawo, ndipo adadikira mpaka 1926 kuti adzatsegulenso mishoni ija ku Mbombwe. Atsamunda adali ndi chifukwa chawo choipa choopera munthu wakuda wophunzira. Malawi wodzilamula alibe chifukwa chilichonse, komabe ana asukulu ambiri amamaliza Fomu 4 osalimva dzina la a Malekebu.

Zimene ofufuza achita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo waufupi kuchoka pa boma la Chiradzulu, n'zoti dziko lina likadazilemba m'mabuku a pulayimale. Njira yoyezera kuti mwana wodwala malungo wakomoka motani, imene madokotala padziko lonse amaigwiritsa ntchito kuyambira 1989, dzina lake ndi Blantyre Coma Score. Mu 2007 Dr. Macpherson Mallewa ndi anzawo adaonetsa kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a m'bongo adali ndi chiwewe, nkhani yoti kholo lililonse lokhala ndi galu pakhomo liyenera kuimva. Mu 2015 gulu la Dr. Karl Seydel, Dr. Sam Kampondeni ndi Pulofesa Terrie Taylor, pogwiritsa ntchito makina a MRI, lidapeza kuti ana ambiri ofa ndi malungo a m'bongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza malo olamula kupuma. Funso limene lidazunguza madokotala kwa zaka zambiri lidayankhidwa ku Ginnery Corner, pa chipatala chomwechi.

Ena amati dziko limene zipatala zake zimasowa panado lisataye nthawi ndi mphotho za ophunzira. Maganizo amenewa ndi olakwika. Malawi adali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar mu 1993, kenako adasamukira ku LA mu 2007, ndipo zonsezi zidatheka chifukwa wina adayeza n'kupeza kuti mankhwala akale asiya kugwira ntchito. Popanda woyeza, boma likadapitiriza kugula mankhwala osachiza ndi ndalama zomwe zikuperewerazo.

Ulemu umene ukufunika si wa satifiketi ndi chakudya cha ku hotela. Wophunzira akateteza kafukufuku wake pa Kamuzu University of Health Sciences, azipeza ntchito yoyenera maphunziro akewo, osati kubwerera pa mpando womwe adausiya ndi malipiro omwewo. Dzina lake lizikhala patsogolo pa pepala ngati ntchito waigwira ndi iye. Zikapanda kutero amakhala ngati waganyu amene walima munda wonse koma nkhokwe n'kukamangidwa kwa eni ndalama. National Commission for Science and Technology ikhale ndi thumba lodalirika la ophunzira a digiri yachiwiri ndi PhD, chifukwa malinga ngati ndalama zonse zikuchokera ku London ndi ku Washington, mafunso ofufuzidwa azisankhidwanso komweko.

Khonsolo ya Chiradzulu nayo isadikire Lilongwe. Boma lino lili ndi Catholic University of Malawi ndi sukulu ya anamwino ya St Joseph's ku Nguludi, choncho malo osonkhanira ndi omvera alipo kale. Wofufuza aliyense amene watenga magazi a anthu a kuno aziitanidwa kudzafotokoza m'Chichewa zimene wapeza, pamaso pa mafumu, alangizi a zaumoyo ndi odwala eni ake, ndipo wailesi ziziulutsa. Mtsikana wa Fomu 2 ku Nguludi aone ndi maso ake kuti wasayansi ndi munthu wolankhula ngati iye.

Ntchito yoti ofufuzawo agwire ikudikira. Kafukufuku wa ku Blantyre wa 2010 adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse opulumuka malungo a m'bongo amatsala ndi khunyu kapena vuto lina la ubongo. Ana otere m'midzi ya Chiradzulu alipo, ena adasiya sukulu, ena ali ndi zipsera za moto umene adagweramo. Ndi angati, akumwa phenobarbitone wochuluka bwanji, ndipo amatani mwezi umene mankhwala asowa? Wophunzira amene angasankhe mafunso amenewa apatsidwe ndalama za kafukufuku chaka chino, ndipo khonsolo imulonjeze tsiku lodzafotokoza zimene wapeza.