Chithokomiro Chofooka Sichifuna Phuma

Mayi wa ku Milonde amene chithokomiro chake chinafooka amamwa levothyroxine m'maŵa uliwonse asanadye. Kutopa kukapitirira, anansi amamuuza kuti awonjezere liothyronine. Uphungu wotere ngwoopsa. Thupi limasandutsa lokha mankhwala oyambawo kukhala chomwecho chimene achiŵiriwo amapereka, ndipo chikachuluka mtima umagunda mothamanga, mafupa nafooka. Mwinanso kutopako kwadza ndi kuchepa kwa magazi kapena malungo.

Choncho aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu, amene amaŵerengera makolo malemba a pa mankhwala, awalimbikitse kupita ku chipatala cha boma ku Mulanje, kumene angatumizidwe ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukayezetsa magazi. Woyenera kuwonjezera mankhwala ndi dokotala yekha, ataona zotsatira. Kuthamanga sikufika.