Njinga yako usadzaisiye kumudzi

Anzanga, makamaka inu a Fomu 4 amene mwayamba kale kuyankhula zoti "tikangolemba MSCE basi, ife ndi a ku Lilongwe", imani kaye pano. Tsiku lina pa buleki ndinamva wina akuseka njinga ya mnzake kuti ndi ya agogo, ndipo iyeyo akuti m'tauni sangayerekeze kupalasa, anthu angamuone ngati wakumudzi. Ine ndikuti woganiza choncho sanayendepo mu Lilongwe thumba lili gwa.

Holide yapitayi ndinali kwa achemwali anga ku Area 23. Kuchoka pa Dedza boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, kudutsa pa Linthipe ndi pa Nathenje, ndipo ulendowo suvuta. Ukakwera wakwera. Mutu umayamba kuwawa ukatsika pa depoti.

Choyamba, manambala a ma Area aja asakunamizeni. Achemwali atandituma ku Area 25, ine ndinati ndingoyenda wapansi, poti 23 ndi 25 palibe mtunda. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Area 23 ili kummwera kwa mzinda, Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Ndipo ma minibasi ambiri sadula njira. Amakakutula kaye pa depoti m'tauni, pamenepo n'kukwera ina. Ndiye kupita kulipira kawiri, kubwera kawiri. Kanayi pa ulendo umodzi!

Nanga kudikira? Woitanira amakuwa kuti watsala munthu mmodzi, iwe n'kuthamanga. Ukakhala pansi, ena amene unawapeza m'katimo amatsika mmodzimmodzi, chifukwa sanali a paulendo, amangodzazitsa mipando kuti iwe ukopeke. Tsiku limenelo ndinakhala pamenepo mpaka msana kutentha, kenako kondakitala anandiiwalitsa chenje. Vuto linali langa ndithu: ndinapereka ndalama yaikulu ndipo ndinachita manyazi kukumbutsa.

Tsono onani alamu anga. Iwo amagwira ntchito ku City Centre ndipo amapita pa njinga yakapalasa, yakuda, ya keriya yowotcherera, yofanana ndendende ndi imene mnzathu uja amasekedwa nayo. Amanyamuka nthawi imene akufuna. Mafuta akasowa, magalimoto atandandalikana pa ma filling station ndipo makondakitala akweza mtengo mmene afunira, iwo amangodutsa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya maulendo inakwera, koma miyendo yawo sinakwere mtengo. Achemwali amagwira ku Kanengo, kutali, ndipo mwezi ukatha amawerenga ndalama ya thiransipoti asanawerenge ya ufa. M'nyumba imodzi yomweyo, wina malipiro ake amafika pakhomo athunthu, wina amafika atalumidwa. Amene mukapite kukayamba ndi ganyu, kapena kosi ya umakaniko ndi kusoka, ganizirani kuti mukakhala mbali iti.

Ndipo ife a ku Dedza tili ndi mwayi umene sitiudziwa. Timakhala m'munsi mwa phiri lopitirira mamita 2,000. Ena mwa ife timakwera zitunda m'mawa uliwonse, mu Juni zala zitauma ndi chisanu, Loweruka n'kunyamulanso thumba la kachewere kupita nalo kumsika. Lilongwe ndi wa chidikha. Zitunda zake, monga chochokera pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kwa ife ndi masewera. Ndinabwereka njinga ya alamu Lamlungu lina, ndipo ndinabwerako thukuta lisanatuluke bwinobwino. Atsikana, izi ndi zanunso. Ambiri a inu mumatipitirira pa chitunda cha kusukulu kuno, musakane.

Koma ndisakunamizeni ayi, ndinachita mantha. Pa raundabauti ina minibasi inandidula kutsogolo kuti itole munthu, ndipo ndinapezeka ndili m'ngalande, bondo litasupuka. Mzinda umene pa kalembera wa 2018 unali kale ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni wamanga misewu ikuluikulu, monga Kenyatta wa mizere 6 ndi intachenji ya pa Area 18, koma m'misewu yambiri wapanjinga amangopatsidwa kamphepete kodyeka, kolimbirana ndi oyenda pansi, a kabaza a njinga zamoto ndi ogulitsa malonda. Apa ndiye ndimadandaula. Ambiri amene amalondera, kumanga ndi kubweretsa ndiwo m'misika ya mzindawu amafika pa njinga kapena wapansi. Bwanji msewu uziyamba waganizira wa galimoto? Ku Netherlands njinga n'zambiri kuposa anthu, ndipo si chifukwa cha umphawi. Anazipatsa njira zakezake.

Sindikunena kuti minibasi muzikaithawa. Mvula ikamagwa, ukakhala ndi wodwala, kapena ulendo uli wa kumalekezero ena a mzinda, kwera basi, palibe kuchitira mwina. Ingokhala ndi ndalama zing'onozing'ono, funsa mtengo usanakwere, ndipo kwera imene yadzaza zenizeni. Koma maulendo a tsiku ndi tsiku, a makilomita 5 kapena 8, amene amadya ndalama mwakachetechete, amenewo ndi a njinga.

Chimene chimafunika n'choti njingayo ikhale ya m'tauni. Mabuleki athu ambiri pano ndi chidendene cha nsapato, ndipo zimenezo pa Kawale zikakupweteketsa. Pafunika belu, zowala kutsogolo ndi kumbuyo, loko wolimba, kuyenda kumanzere nthawi zonse ndi kukweza dzanja usanakhote. Madzulo vala chowala. Alamu amayenda ndi pampu, guluu ndi zigamba m'kachikwama, chifukwa okonza njinga pansi pa mitengo alipo ambiri koma salandira "zikomo".

Ine kumata chubu ndimatha, koma kuwongola sipoko ayi. Lachisanu tikaweruka ndidzakhala kuseri kwa kalasi ya Fomu 3, poimika njinga paja, ndi pampu ndi masipanala awiri. Amene amadziwa za masipoko abwere andiphunzitse, ine ndimuonetsa mapu a ma Area amene ndinajambula kumapeto kwa kope la Jogalafe.