Nsikidzi zikalowa pasukulu, tisathamangire botolo

Amene anaphunzirapo pasukulu yogonera komweko amadziwa kuti nsikidzi sizidikira kuitanidwa. Zimabwera m'sutikesi ya mwana mmodzi potsegulira temu, n'kubisala m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya bedi, ndipo mwezi usanathe chipinda chonse chili kalikiliki kukanda. Makolo akadandaula, yankho limene limabwera msanga ndi lakuti tipopere. Sitikutsutsa kuti ana azigona tulo. Nkhawa yathu ili pa zimene zimatsalira pabedi ndi padesiki wopoperayo akanyamula mpope wake n'kumapita.

Kafue, kwathu kuno, ndi tauni yomwe tizirombo sitingaidandaule. Mtsinje uli pakhomo, madambo a Kafue Flats ali chakumadzulo, ndipo mvula ikayamba mu Novembala madzi amadikha m'makwalala a ku Shikoswe ndi Zambia Compound. Udzudzu umangofuna masiku khumi kapena milungu iwiri kuti dzira likhale udzudzu woluma. Chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 makalasi adzaza, zimbudzi zachepa, nyenyeswa za chakudya zachuluka. Tikukumbukiranso kuti mu 2024 kolera inachititsa kuti sukulu zisatsegulidwe pa 8 Januwale mpaka pa 12 Febuluwale. Mphunzitsi wamkulu amene akuopa ntchentche ndi makoswe ali ndi chifukwa chomveka.

Koma mwana si munthu wamkulu wofupika. Poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake, amapuma mpweya wambiri ndipo amadya zambiri kuposa ife. Wa giredi 1 amakhala pansi, amagwira khoma, amaluma pensulo, kenako amanyema chitumbuwa ndi dzanja lomwelo. Mankhwala ambiri ophera tizirombo, monga dichlorvos, amapha posokoneza mitsempha. M'thupi muli kanthu kamene kamazimitsa uthenga wa mtsempha ukafika kumene umapita; mankhwalawa amakatsekereza, ndiye uthengawo sulekeza. Mphemvu imaphupha mpaka kufa. Mitsempha ya mwana imayenda mwa njira yomweyo, ndipo ubongo wake udakali kukula.

Ngozi zazikulu zimene dziko laona sizinachokere kwa wopopera wophunzitsidwa ayi, koma ku chigubu chopanda dzina ndi mankhwala osungidwa pafupi ndi chakudya. Mu Julaye 2013, ana 23 a pasukulu ina ya pulaimale m'boma la Saran, ku Bihar m'dziko la India, anamwalira atadya chakudya chamasana chomwe chinali ndi mankhwala a kumunda otchedwa monocrotophos. Mu Okutobala 2024, ana asanu ndi mmodzi ku Naledi, ku Soweto, anaphedwa ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagulitsa m'misewu ngati ophera makoswe. Kwathu kunonso chizolowezi chothira mankhwala m'botolo la maheu n'kuliika pawindo tikuchidziwa. Mwana waludzu saona kusiyana kwake.

Tsono tiyambire pati? Kachirombo kalikonse kamafuna chakudya, madzi ndi pobisala. Mukachotsa zimenezi, ntchito yambiri yatha. Lowani m'chipinda chosungiramo ufa ndi nyemba, muone ngati matumba ali pa mathabwa okwezeka ndiponso otalikirana ndi khoma, kuti tsache lizidutsa kumbuyo. Yang'anani pansi pa chitseko: mpata woti chala chilowe, kakhoswe kakang'ono kalowanso. Simenti pang'ono ndi kachidutswa ka lata zimatseka njirayo kwa zaka, pamene poizoni amapha makoswe a sabata ino basi, n'kusiya mtembo ukununkha kudenga. Msampha wa waya umagwira ntchito ndipo mwana saudya. Chivundikiro pabowo la chimbudzi, dzenje la zinyalala lokwiriridwa, mpopi wosadontha, ngalande yotseguka, zonsezi n'zotopetsa kuzinena pamsonkhano, koma ndizo zimachepetsa ntchentche ndi udzudzu.

Nsikidzi ndiye zimafuna kuleza mtima kwenikweni. M'malo ambiri zinazolowera mankhwala opopera wamba, moti munthu amawonjezera muyezo poganiza kuti anachepetsa, n'kumadwalitsa ana m'malo mwa nsikidzizo. Chimene sizinazolowere ndi kutentha. Madzi owira othiridwa m'malumikiziro a bedi amapha nsikidzi ndi mazira omwe. Zofunda zichapidwe m'madzi otentha, matiresi ayalidwe padzuwa n'kupukutidwa m'misoko ndi burashi, ming'alu ya khoma imatidwe. Mazira otsalira amaswa pakatha pafupifupi masiku khumi, choncho ntchitoyi ibwerezedwe. Kuichita kamodzi n'kungodzinyenga.

Pali nthawi imene mankhwala amafunikadi, ndipo apa tisasokoneze zinthu. Anthu a zaumoyo amene amapopera makoma polimbana ndi malungo amaphunzitsidwa, ndipo malangizo awo ndi omveka: tulutsani chakudya ndi ziwiya, khalani panja maola awiri, tsegulani mawindo, sesani tizirombo takufa n'kutitaya m'chimbudzi. Amenewa tisawabweze pageti. Chimene tikupempha n'chakuti wina aliyense wobwera ndi mpope pasukulu atsate mwambo wofananawo. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 linapatsa bungwe la ZEMA udindo wopereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwalawa ndi ochita ntchito yofukiza. Kufunsa chiphaso si mwano. Kupoperako kuchitike patchuthi cha Epulo, Ogasiti kapena Disembala, osati Lamlungu madzulo ana akubwera mawa lake. Dzina la mankhwala, tsiku ndi zipinda zopoperedwa zilembedwe m'buku la kuofesi, ndipo makolo auzidwe pasadakhale, makamaka a ana odwala mphumu. Mapiritsi ofukizira chimanga aja, a aluminium phosphide, asalowe n'komwe m'nyumba yogonamo anthu, pakuti mpweya wake umadutsa m'ming'alu kupita chipinda china ndipo ulibe mankhwala owubweza.

Zikavuta, mphunzitsi adziwe zizindikiro: dovu lambiri, thukuta, kusanza, kubanika, ndiponso kadontho kakuda ka m'diso kuchepa ngati kansonga ka singano. Mwanayo atulutsidwe kumphepo, avulidwe zovala zomwe zakhudzidwa, asambitsidwe ndi sopo. Musamusanzitse, ndipo mkaka umene ambiri timathamangira sutsuka poizoni. Pitani naye msanga ku chipatala cha boma cha Kafue mutanyamula botolo la mankhwalawo, chifukwa dokotala ayamba wafunsa dzina lake.