Kodi Tayala la pa Intaneti ndi Lotchipadi?

Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja wakwera mtengo koposa, ndipo eni galimoto amva ululu wake makamaka pa matayala. Ngakhale mitengo ya mphira imalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, matayala amene galimoto za m'dziko muno zimayendera amachokera kunja, nagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zili zosowa. Chotero ambiri ayamba kufunsa ngati si kwanzeru kuleka kupita kusitolo ndi kumaitanitsa matayala pa intaneti, kumene mtengo umaoneka wotsika.

Malonda otere anayamba kale m'maiko ena. Ku America kampani ya Tire Rack, imene inakhazikitsidwa mu 1979, inayamba kugulitsa pa intaneti mu 1996. Ku Britain kampani ya Blackcircles inayamba mu 2001, nikula kufikira kuti mu 2015 a Michelin anaigula ndi mapaundi 50 miliyoni. Makampaniwa anazindikira msanga kuti munthu sangaveke galimoto tayala pakhonde monga m'mene amavalira nsapato, motero anapangana ndi magalaja ambirimbiri. Wogula wa ku Britain amalemba nambala ya galimoto yake, nasankha tayala, galaja ya kufupi ndi kwawo ndiponso tsiku. Tayalalo limatumizidwa kugalajako, ndipo mtengo umene iye amalipira umakhala utaphatikiza kale ntchito ya mmisiri. Mu 2021 Tire Rack inagulidwa ndi Discount Tire, kampani ya masitolo oveka matayala. Zonsezi zionetsa kuti malonda a pa intaneti amayenda bwino pokhapo pamene wogulitsa ndi mmisiri ali pamodzi.

Kuno kwathu mgwirizano wotere sunafalikire, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu woitanitsa matayala kuchokera kunja ayenera kuwerengera mtengo wa sitima kufika ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, mtengo wa lole kufika pachipata cha Songwe, Dedza kapena Mwanza, msonkho wa kasitomu, ndiponso masabata amene galimoto idzakhale ili pamiyala. Tayala ndi katundu wolemera ndi wodya malo, kotero kuti woitanitsa anayi okha amalipira zambiri pa tayala lililonse kuposa wamalonda wodzaza kontena. Koma wogula kwa munthu wotsatsa pa Facebook kapena pa WhatsApp nthawi zambiri amatumiza ndalama pa foni atangoona chithunzi, ndipo chithunzi sichionetsa chigamba cha m'kati mwa tayala.

Tayala likafika, ntchito imakhala isanathe. Liyenera kuvekedwa pa limu mosang'amba mlomo wake, liikidwe valavu yatsopano, lipimidwe pa makina kuti lisalemere mbali imodzi, ndipo kawirikawiri miyendo ya galimoto iyenera kuwongoledwa kuti tayala latsopanolo lisadyeke cham'mbali. Sitolo yogulitsa matayala imatha kuchita zina mwa izi pa mtengo wochepa pofuna kusunga kasitomala wake, koma wobwera ndi tayala lake amalipira zonse. Choopsa koposa n'chakuti tayala likatupa patangopita mwezi, wogulitsa amaloza chala mmisiri, mmisiri naloza wogulitsa, mwini galimoto n'kutsala pakati. Wogula ndi kuveketsa pamalo amodzi amadziwa khomo loti akagogodepo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Komabe sitolo ya pafupi siyenera kukhulupiriridwa mwachimbulimbuli. M'misika ya m'mizinda muli matayala a kaunjika, ena okalamba, ena opangidwira maiko a chisanu. Chimene chimateteza wogula kulikonse ndi kudziwa kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala. Pa tayala lolembedwa 185/65 R15 88H, nambala ya 185 ndi kufupika kwake m'mbali m'mamilimita. 65 atanthauza kuti msinkhu wa khoma lake ndi 65 peresenti ya 185, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 120. 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. 88 atanthauza kuti lingasenze makilogalamu 560. Ndipo H anena kuti lingapirire liwiro la makilomita 210 pa ola. Maminibasi amafuna matayala okhala ndi chilembo C kapena LT, opangidwira katundu wolemera, ndipo kuwaveka matayala a galimoto yaing'ono ndi kuika miyoyo ya okwera pachiswe.

Zaka za tayala nazonso zinalembedwa. Kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT kuli manambala anayi: 2319 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mphira imauma ndi kung'aluka ngakhale tayala lili chikhalire m'sitolo, ndipo a Michelin amalangiza kuti tayala lokwanitsa zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. M'mizere ya tayala muli timizati ta mphira totalika mamilimita 1.6, tayala likadyeka mpaka kulingana ndi timizatito, ku Britain lamulo sililola kuti liyende pamsewu. Lolembedwa kuti Studless, monga ena obwera ndi galimoto zakale za ku Japan, kapena lokhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu, linapangidwira chipale chofewa. Mphira yake ndi yofewa, ndipo pa phula lotentha la ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala limatha msanga.

Tsono yankho lake n'lakuti intaneti ndi yothandiza kwambiri poyerekeza mitengo ndiponso pofunafuna tayala la saizi yosowa. Koma wogula wanzeru amayamba wafunsa mmisiri mtengo wa kuveka, nafunsa wogulitsa chithunzi cha manambala a DOT ndi pangano lobweza katundu wolakwika, kenaka n'kuphatikiza zonse asanatumize ndalama. Mtengo woyenera kuuyerekeza ndi wa tayala litavekedwa pagalimoto.

Kwa achinyamata omaliza sukulu pali phunziro lina. Malonda angasamukire pa foni, koma kuveka tayala kudzafunabe manja ndi makina. Amene angaphunzire ntchitoyi bwino, napangana ndi ogulitsa a pa intaneti kuti makasitomala awo azifikira kwa iye, adzatseka mpata umene ulipo lero. Aphunzitsi nawonso ali ndi phunziro la masamu a peresenti pa tayala lililonse loima pabwalo la sukulu, ndipo wophunzira wolimvetsa angadzapulumutse minibasi yathunthu.