Kufiira kokha sikupanga ruby

Ruby ndi sapphire ndi ana a mimba imodzi. Yonse iwiri ndi mwala umene akatswiri amautcha corundum, wopangidwa ndi aluminium ndi oxygen. Mwalawu ukakhala wopanda china chosakanikirana nawo sukhala ndi mtundu, kuwala kumangodutsa. Chimene chimaufiiritsa ndi chromium wochepa kwambiri amene analowerera pamene mwalawo unkaumbika pansi pa nthaka, mwina gawo limodzi lokha pa magawo 100. Pakalowa chitsulo ndi titanium m'malo mwake, mwala womwewo umatuluka wabuluu, ndiye sapphire ameneyo.

Kuwala kwa dzuwa kumanyamula mitundu yonse ya utawaleza. Kukalowa mu ruby, chromium amameza kwachikasu, kobiriwira ndi kwapepo, n'kulola kofiira kudutsa. Sizithera pomwepo. Kuwala kwina kumene wameza amakubwezanso kuli kofiira, n'chifukwa chake ruby wabwino amaoneka psuu, ngati akuyaka m'kati. Chitsulo chikachuluka, kuyaka kumeneku kumazilala ndipo mtengo umatsika. Chimene chimandizizwitsa ine n'chakuti chromium yemweyo akalowa mu mwala wa beryl amapereka mtundu wobiriwira, emerald amene anzathu a ku Zambia amakumba ku Kagem m'boma la Lufwanyama.

Izi si nkhani za kutali. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu panapezeka ruby ndi sapphire mu 1958. Ku Montepuez m'dziko la Mozambique ruby anapezeka mu 2009, ndipo mwala umodzi wa kumeneko, Estrela de Fura, wolemera makarati 55.22, unagulidwa madola 34.8 miliyoni ku New York mu 2023.

Chimene chimandipweteka mtima ndi m'bale wathu wokumba ndi pikisi ndi fosholo. Iye amaweruza mwala ndi diso lokha, pamene wogula amabwera ndi tochi, kagalasi kokuzira zinthu ndi nzeru zonsezi m'mutu. Garnet nayenso ndi wofiira, koma mtengo wake ndi wotsika zedi. Wogula wakuba akhoza kutcha ruby weniweni garnet, mwini mwala n'kulandira ya ufa wa sabata imodzi, akuthokoza. Ngakhale mafumu a ku Britain anapusitsidwapo ndi kufiira: mwala wotchuka wa pa chisoti chawo, Black Prince's Ruby, si ruby konse, ndi spinel.

Pali njira zosiyanitsira. Pa muyeso wa kulimba wa Mohs ruby ali pa 9, amaposedwa ndi dayamondi amene ali pa 10, ndipo garnet sangamukande. Ruby ambiri amawala kwambiri akawalitsidwa ndi tochi ya ultraviolet, pomwe garnet wamba amangokhala zii.

Akuluakulu a nthambi ya Geological Survey ku Zomba, tengani matochi amenewa ndi maphunziro ake mupite nawo kumene anthu akukumba. Ndipo inu okumba, musagulitse mwala wofiira musanauyezetse.