Musanasiye batani la mausi, dziwani ngati mukukopa kapena mukusamutsa

Temu yatha, Lachinayi lina masana, mtsikana wina wa Fomu 4 anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi maso ali psuu. Ntchito yake ya Computer Studies, imene anailemba milungu itatu, sinkaonekanso pa kompyuta ya mu labu. "Aphunzitsi, ndinangoikoka basi. Ndimafuna ikhale pawiri kuti ina ikasowa ina itsale." Ine ndimaphunzitsa Physics, koma pasukulu ngati yathu, pakati pa minda ya tiyi kuno ku Thyolo, kompyuta ikavuta amene amaitanidwa ndi wa Physics yemweyo.

Fayiloyo tinaipeza pasanathe mphindi zisanu. Anaikoka kuchoka pa Desktop n'kukaiponya m'foda imene ophunzira onse amaikamo zinthu zawo, akuganiza kuti wapanga kope lachiwiri. Kompyuta sinakope, inasamutsa. Fayilo inali imodzi yokha, ndipo foda imeneyo timaisesa Lachisanu lililonse. Akanachedwa tsiku limodzi, milungu itatu ija ikanapita.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa: fayilo imene ikukhudza mayeso anu kapena ntchito imene simungathe kuibwereza musamaikoke ndi batani lakumanzere n'kungoisiya. Mtsikanayu sanali wosasamala ayi. Anachita chinthu chanzeru, kufuna kusunga pawiri, kungoti lamulo limene kompyuta imatsatira palibe anamuuzapo.

Lamulo lake pa Windows ndi ili. Mukakoka fayilo kuchoka m'foda ina kupita m'foda ina ya pa dirayivu yomweyo, mwachitsanzo zonse zili pa C:, kompyuta imasamutsa, ndipo pamalo akale sipatsala kanthu. Mukaikoka kupita pa dirayivu ina, monga kuchoka pa C: kupita pa flashi yanu imene ikuoneka ngati E:, kompyuta imakopa, ndipo fayilo imakhala pawiri. Dzanja lanu lachita chimodzimodzi, koma zotsatira zake n'zosiyana. Chenjeraninso apa: hadi disiki imodzi ikhoza kugawidwa kukhala C: ndi D:, ndipo Windows imaziwerenga ngati madirayivu awiri ngakhale zili m'bokosi limodzi. Makompyuta a Apple nawonso amatsatira lamulo lofanana ndi limeneli.

N'chifukwa chiyani zili chonchi? Tiyeni tiganize za fakitale ya tiyi, popeza ambiri a inu muli ndi makolo kapena achibale amene amagwira ntchito m'maesiteti, kaya ku Satemwa, ku Makwasa kapena ku Naming'omba. Matumba a tiyi wouma ali m'nyumba yosungira katundu, ndipo kalaliki ali ndi buku limene limanena kuti matumba awa ndi a gulu lakuti, ali pamzere wakuti. Akafuna kuti matumba ena awerengedwe m'gulu lina, palibe amene amanyamula thumba. Kalaliki amangofufuta mzere umodzi m'buku n'kulemba wina. Kaya matumbawo ndi 5 kapena 500, ntchito yake ndi yomweyo.

Dirayivu iliyonse ili ndi buku lake loterolo. Pa hadi disiki ya Windows dongosolo lake limatchedwa NTFS, pa maflashi ambiri ndi FAT32 kapena exFAT. Foda imene mumaiona pa sikirini si bokosi lenileni, ndi mndandanda wa mayina m'bukumo. Kusamutsa fayilo pa dirayivu yomweyo ndi kusintha mzere m'buku, zamkati mwa fayilo sizisuntha n'komwe. Yesani nokha mu labu: tengani vidiyo yaikulu, muikokere m'foda ina ya pa C: pomwepo. Ifika nthawi yomweyo ngati kuphethira. Kenako muikokere pa flashi. Mudikira, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono, chifukwa tsopano kompyuta ikulemba chilichonse cha m'fayilomo pamalo atsopano, amene ali ndi buku lawolawo.

Apa m'pamene fanizo la tiyi limathera, ndipo Physics imalowa. Lole ikanyamula matumba kupita nawo ku okushoni ya ku Limbe, m'nyumba yosungira muja mumatsala mpata. Thumba silingakhale ku Thyolo ndi ku Limbe nthawi imodzi. Koma fayilo si katundu wolemera pa sikelo. Ndi ndondomeko ya 0 ndi 1. Pa hadi disiki ndondomekoyo imasungidwa m'timadontho ta maginito tolozera mbali ziwiri zosiyana, pa flashi imasungidwa ndi ma electron otsekeredwa m'timaselo tating'onoting'ono. Palibe kadontho ka maginito kamene kamachoka m'hadi disiki kukalowa m'flashi. Kompyuta imawerenga ndondomekoyo uku n'kuilemba uko, monga mmene inu mumakopera notsi za pa bolodi choko chikutsala pa bolodi pomwepo. Choncho zimene timazitcha kusamutsa fayilo kupita pa dirayivu ina ndi ntchito ziwiri zotsatizana: kukopa, kenako kufufuta choyambacho.

Mwina mukuti, ndiye lamuloli lili ndi nzeru, vuto lili pati? Ndikuvomera, lili ndi nzeru. Munthu amene akukonza mafoda ake kawirikawiri amafuna kusamutsa, ndipo amene akuika zinthu pa flashi kawirikawiri amafuna kukopa. Mnzanga wina amene timaphunzitsa limodzi amati kukoka n'kwachangu, ndipo ana tisawaopseze ndi zinthu zazing'ono. Kukoka zinthu ndi mausi kunatchuka ndi Macintosh ya Apple mu 1984, ndipo anthu akhala akukugwiritsa ntchito zaka zonsezi. Koma amene anakonza lamuloli ankaganizira munthu wokhala ndi kompyuta yakeyake, wodziwa kuti foda iyi ili pa dirayivu iti. Ife kuno kompyuta imodzi imagwidwa ndi manja ambirimbiri pa sabata, ndipo wophunzira amaikhudza kwa piriyodi imodzi kapena ziwiri. Akaona mafoda awiri pa sikirini, palibe chomuuza kuti ina ili pa C: ina pa D:. Kompyuta ikumuganizira zimene akufuna, iyeyo asakudziwa kuti pali chosankha.

Ndipo kulakwitsa kwake kumabwera m'njira zingapo. Ina ndi ya mtsikana uja: ukuganiza kuti uli ndi makope awiri pamene lilipo limodzi. Ina ndi yotembenuza: ukuganiza kuti wasamutsira ntchito pa flashi, koma yatsalanso pa kompyuta ya sukulu, pamene aliyense akhoza kuitsegula n'kukopera mayankho ako. Kapena mawa ukonza kope la pa kompyuta, koma kukapulinta utenga la pa flashi, lakale lija. Palinso ina yoseketsa koma yowawa. Ukagwira batani la Alt pokoka, Windows imapanga shortcut, kachikwangwani kongolozera kumene fayilo yeniyeni ili. Kamaoneka ngati fayilo yomweyo, kungoti kali ndi kamuvi pakona ndipo kukula kwake sikupitirira ma KB ochepa. Mnyamata wina anakwera nako minibasi mpaka pa Boma kukapulinta, n'kupeza kuti sikakutseguka. Ndalama ya thiransipoti inapita, fayilo ili phee kusukulu.

Ndiye tichite chiyani? Njira imene ndimaikonda ndi yokoka ndi batani lakumanja la mausi. Gwirani fayilo ndi batani limenelo, ikokeni, ndipo mukasiya, Windows ikufunsani: Copy here, Move here, kapena Create shortcuts here. Mumasankha nokha, maso akuona. Zimangowonjezera kudina kamodzi basi. Ngati mwazolowera batani lakumanzere, gwirani Ctrl pokoka kuti ikope, kapena Shift kuti isamutse, ndipo musiye mausi poyamba, batani la pa kiyibodi pambuyo. Musanasiye, yang'anani timawu timene timaoneka pafupi ndi kamuvi ka mausi. Pakalembedwa Copy to ndi chizindikiro chophatikiza, ikukopa. Pakalembedwa Move to, ikusamutsa. Njira ya Ctrl ndi C kenako Ctrl ndi V nayonso ndi yabwino, chifukwa imakopa nthawi zonse mosaganizira dirayivu.

Dzanja likaterereka n'kuponya fayilo m'foda yosadziwika, musathamangire kutsegula ichi ndi icho. Dinani Ctrl ndi Z nthawi yomweyo, fayilo ibwerera pamene inali. Ngati papita nthawi, lembani dzina lake m'kabokosi kofufuzira ka File Explorer. Nthawi zambiri fayilo imene "yasowa" imakhala yangogwera m'foda yoyandikana nayo.

Pa ntchito yofunika kwambiri, ine ndimati musasamutse n'komwe. Kopani, tsegulani kope latsopanolo muone ngati lili bwinobwino, kenako mufufute lakale ngati pali chifukwa cholifufutira. Inu mukudziwa mmene magetsi amathimira kuno, makamaka nyengo ya mvula. Akathima mukusamutsira foda yaikulu pa flashi, mukhoza kutsala ndi mafayilo ena uku ena uko, osadziwa kuti afika ndi ati, ndipo buku la pa flashi lija likhoza kuwonongeka chifukwa ladukizidwa likulembedwa. Mukanakhala kuti mukukopa, zonse za pa kompyuta zikanatsala zathunthu, n'kungoyambiranso magetsi akabwera. Kumbukiraninso kuti fayilo imene mwaifufuta pa flashi sipita mu Recycle Bin ngati ya pa hadi disiki, ndiye musadalire kuti mukaitola kumeneko.

Mtsikana uja anapereka ntchito yake pa nthawi yake. Tsopano ali ndi kope pa kompyuta ya sukulu ndi lina pa flashi, ndipo pa dzina la fayilo amaikapo deti kuti adziwe latsopano ndi liti. Sabata ino mukalowa mu labu, pangani fayilo yopanda ntchito, muikoke m'njira zonse zimene ndatchulazi, ndipo nthawi iliyonse muzinena kaye zimene mukuyembekeza kuti zichitika musanasiye batani. Tikakumana pa Physics mudzandiuze kuti mwalondola kangati.